Mlendo Amene Ankadya Yekha

1

Mnyamata amene ndikufuna kukuuzani nkhani yake anakhala pakhomo pathu masabata atatu okha. Lero ali kutchire kumpoto kwa Mozambiki, mfuti ili paphewa, ngati ali moyo. Anthu a kuno kwa Kaomba amati anamusokoneza ndi anthu a pafoni. Sakunama. Koma iwowo asanamukoke, alipo amene anamutaya m'manja, ndipo ndine, Lefina, mkazi wa a Yobe Mphepo.

Linali Lolemba, mwezi wa Malichi, fodya ali pakati pothyoledwa. Tinali m'chigafa tikusoka masamba, ine, amuna anga ndi mwana wathu Rute, manja ali bii ndi utomoni. Njinga yamoto ya kabaza inaima pansi pa mango. Panatsika mnyamata wamtali, woyera koma osati mzungu weniweni, wandevu zambiri, buluku lake lolekeza pamwamba pa akakolo.

"Wogula fodya wa chaka chino ndi ameneyu?" anatero amuna anga chapansipansi. "Buluku lomwe nsalu inamuthera, ife atigula bwanji?"

Mnyamatayo anafika pakhomo la chigafa, nati, "Muli bwanji," lilime likumulemera. Kenaka anayamba Chingerezi. Rute, amene anamaliza Fomu 4, anapukuta manja pachitenje nayamba kumasulira.

"Akuti dzina lawo ndi Grey, achokera ku Mangalande. Akuti anabadwira pa esiteti ina kwa Chisemphere. Akufuna mayi wina dzina lake Lefina, amene ankawalera ali khanda."

Singano yosokera fodya inandibaya chala. Sindinamve kuwawa.

Amuna anga ankadziwa kuti ndili mtsikana ndinagwirako ntchito m'nyumba ya azungu, mayi Annette ndi amuna awo, mpaka pamene anagulitsa esiteti n'kubwerera kwawo, mwana ali ndi zaka ziwiri. Ankadziwa pomwepo basi.

"Akuti bambo awo anamwalira chaka chatha," Rute anapitiriza. "Maliro atatha, mayi Annette anawauza kuti sanawabereke iwo, anangowatenga kuno. Akuti amene angadziwe za mayi wowabereka ndinu, amayi."

Onse anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana chala changa.

"Uwauze kuti afike," ndinatero. "Nkhani sakambira panjira."

"Eya," anavomera amuna anga, nadzuka. "Mlendo wamkulu uyu, wawoloka nyanja. Rute, gwira tambala uja."

2

Tambalayo sanadulidwe msanga. Grey anauza Rute kuti analowa Chisilamu zaka ziwiri zapitazo, kuti kumzikiti amamutchula kuti Yunusu, ndipo sadya nyama yodulidwa ndi aliyense. Amuna anga, amene ndi mkulu wa mpingo kwathu kuno, anangoseka.

"Mulungu ndi mmodzi, amasiyana ndi odula nkhuku. Kaitaneni Che Jafali."

Che Jafali ndi tenanti wa pa esiteti yoyandikana nafe. Kwawo ndi ku Machinga, ndipo ndi amene amatsogolera mapemphero pa kamzikiti ka udzu ka matenanti anzawo. Anabwera ndi mpeni wawo, nadula tambala, naitanira mnyamatayo ku mapemphero a Lachisanu.

Tinamupatsa chipinda chabwino, ife n'kusamukira kosungira mbewu. Pa nthawi ya chakudya ndinayala nsalu yatsopano patebulo, ndinaika mbale zagalasi zija timasungira abusa, ndinagwada n'kumusambitsa m'manja. Kenaka ndinatuluka n'kutseka chitseko kuti adye momasuka. Ife tinadyera kuseri, pamphasa. Umo ndi mmene timalemekezera mlendo wolemekezeka. Sitimuyang'ana m'kamwa.

Tsiku lachitatu tinangoona watuluka, mbale ili m'manja, akubwera pamphasa pathu. Amuna anga anadumpha.

"Ayi, ayi! Rute, uwauze abwerere. Anthu akadutsa adzati a Mphepo akudyetsa mlendo wa ku Mangalande pafumbi."

"Akuti iwo akufuna kudya ndi anthu, ababa."

"Uwauze kuti tikuwalemekeza."

Anabwerera. Anayesanso kawiri masiku ena, ndipo kawiri konse anabwezedwa, mwaulemu, ndi kuseka. M'chigafa namonso zinali chimodzimodzi. Akatola singano, ndinkamulanda. Akanyamula mikangala yopachikira fodya, amuna anga ankathamanga kukamulandira. Tinamuikira mpando pamthunzi. Ankakhala pamenepo tsiku lonse, foni ili m'manja, timawaya tili m'makutu.

Madzulo alionse ankandifunsa kudzera mwa Rute. Kodi mayi ake anali ndani? Ali moyo? Ngati anamwalira, manda ali kuti?

"Uwauze kuti nkhani imeneyo ili ndi eni ake," ndinkatero. "Adikire amalume ako."

Alongo anga a Kalekeni, mwini mbumba yathu, anali pa utenanti ku Mzimba. Ndinawaimbira ndili kuseri kwa nkhokwe.

"Achimwene, mwana wa kwa Chisemphere uja wabwera."

"Wamuuza chiyani?"

"Palibe."

"Usayerekeze. Nkhani ngati imeneyo satulutsa mkazi yekha pakhomo pa mwamuna. Imafuna mwini mbumba, imafuna kukhala pansi, alamu alipo. Ukangoiponya wekha ngati mwala, uphwanya nyumba."

"Mubwera liti?"

"Fodya wa bwana ali m'munda, sangandilole. Lachisanu la sabata yachitatu. Mlendoyo mudyetse bwino, sathawa."

3

Sabata yachiwiri ndinakumana ndi Elube, mnansi wanga, pamjigo. Pakamwa pake sipakhala chotsekera.

"Amake Rute, kaladi wanu uja wabwera kudzafunsira mbeta kapena? Ngati ndi choncho mumuletse. Akamaseka ndi Rute, kampata ka pamano kaja n'kamodzi. Ngati a mimba imodzi!"

Amayi onse anaseka. Inenso ndinaseka, ndinasenza ndowa n'kuchoka.

Rute ndi amene ankacheza ndi Grey, ndipo zina ankandiuza. Akuti kusukulu kwawoko azungu ankamuti wakuda, akuda ankamuti mzungu. Akuti kunyumba, iye, bambo ake ndi mayi Annette ankadya aliyense pa nthawi yake. Tsiku loyamba kulowa mumzikiti, munthu wosamudziwa anamukumbatira n'kumutchula m'bale. Analira, akuti, ngati mwana.

Loweruka Che Jafali anandipeza ndikupalira mbatata. Anavula chipewa, nakhala pamzere. Si munthu woyenda m'minda ya akazi a eni, ndiye ndinadziwa kuti pali nkhani.

"Mayi a Rute, mlendo wanu uja sindikumumvetsa. Dzulo titatha kupemphera waimirira, akutiuza kudzera mwa mphunzitsi wina kuti ife ndife Asilamu ogona. Akuti tikulima fodya wa anthu osakhulupirira pamene abale athu akumenya nkhondo ya Mulungu kutsidya uko."

"Nkhondo yanji?"

"Ija ya ku Mozambiki, yodula anthu makosi. Wandionetsa pafoni. Ndatseka maso." Anapukusa mutu. "Ine ndabadwira m'Chisilamu, agogo anga anafera momwemo. Zimenezo sizili m'buku limene ndimawerenga ine. Ndamuuza kuti amene akuphedwa uko ndi asodzi ndi alimi, Asilamu anzathu omwe. Wandiyankha kuti ndine nkhalamba yamantha."

"Ndi chibwana, Che Jafali. Chimuthera."

"Si chibwana. Mwana uja ali ndi njala, koma si ya m'mimba. Ndipo alipo amene akumuphikira pafonipo, m'mawa ndi madzulo. Amamutchula dzina, amamufunsa ngati wadzuka bwino. Akhala akumuitana kwa chaka, akuti. Iye anawauza kuti adikire, ayambe wadzafuna mayi ake kuno." Anandiyang'ana. "Ngati mukudziwa kumene kuli mayiyo, musachedwe. Chingwe chimene chamugwira n'chimenecho chokha."

Ndinaimbiranso a Kalekeni.

"Kwatsala masiku asanu ndi limodzi," anatero. "Wapirira zaka makumi awiri ndi zisanu, ulephere sabata? Mutu umodzi susenza denga, Lefina."

Tsiku limenelo ndinamuphikira mpunga ndi mazira. Ndinaika patebulo, ndinagwada, ndinatuluka, n'kutseka chitseko.

4

Lachiwiri la sabata yachitatu, dzuwa litapendeka, ndinali ndekha m'chigafa ndikugwetsa fodya wouma. Amuna anga ndi Rute anali kumunda. Ndinamva mapazi. Grey anaima pakati pa mizati, mutu ukugunda masamba, kapepala kali m'manja. Anali atalembapo mawu a Chichewa, mwina anachita kufunsa kwa wina, kuti asadutsire mwa Rute.

Anawerenga pang'onopang'ono. "Ndatopa kudikira."

"Pepani," ndinatero.

Anayang'ananso papepalapo, koma sanawerenge. Anandiyang'ana ine, m'maso mwenimweni, monga amachitira azungu.

"Amayi anga," anatero. "Ndinu?"

Owerenga, mawu amene ankafunika pamenepo ndi amodzi, inde basi, ndipo ngakhale iye akanawamva popanda womasulira. Mawuwo anafika pamlomo. Koma kumbuyo kwake ndinaona Elube akudutsa ndi mtolo wa nkhuni, khosi litapotokera kwa ife. Ndinamva mawu a alongo anga. Ndinaganiza za amuna anga akulalikira kutsogolo Lamulungu, anthu akunong'onezana. Ndinadziuza kuti kwatsala masiku atatu okha, ndipo zidzachitika mwadongosolo, pamphasa, ndi akulu, kuti mwanayu adzalandiridwe ndi mbumba yonse osati mobisa m'chigafa ngati katundu wakuba.

Miyendo inachita zimene inazolowera. Ndinagwada.

"Lachisanu, bwana," ndinatero.

Sindinafune kunena mawu omalizawo. Anangotuluka, monga ankatulukira m'nyumba ya bambo ake.

"Bwana," anabwereza. Mawu amenewo ankawadziwa. Anagwedeza mutu kawiri, anapinda kapepala kaja, natuluka.

M'mawa mwake anauza Rute kuti akupita ku Lilongwe kukakonza mapepala ake. Anagwira chanza amuna anga, anathokoza chifukwa cha chakudya.

"Uwauze abwere pofika Lachisanu," ndinatero. "Amalume ako afika."

Rute anamasulira. Iye anamwetulira, kampata kaja kakuoneka, nakwera kabaza. Ndinaimirira pamsewu mpaka fumbi litatha.

5

A Kalekeni anafika Lachisanu masana, atavala jekete. Tinayala mphasa pansi pa mango. Panali iwo, amuna anga, ine, ndi Rute, amene anaitanidwa kuti adzamasulire mlendo akafika. Tinadikira mpaka mthunzi unasuntha. Foni yake inali yozimitsa.

"Alamu," anayamba a Kalekeni, "tiyambe ife, adzatipeza. Ndabwera ndi mlandu, ndipo wolakwa woyamba ndine."

Anafotokoza zonse. Kuti ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mwamuna wa mayi Annette anandipatsa mimba. Kuti mayi Annette analibe mwana. Kuti malemu amalume athu ndi iwo a Kalekeni anagwirizana ndi azunguwo kuti mwana akhale wawo, akaphunzire, asakule akusekedwa m'mudzi. Kumudzi kwathu anakalengeza kuti khanda lafa pobadwa. Ine anandisunga m'nyumba momwemo ngati wolera, ndikuyamwitsa mwana wanga mobisa, ndikumutchula bwana wamng'ono. Atakwana zaka ziwiri ndinamunyamula ndekha kukamuika m'galimoto.

Rute anagwira pakamwa. "Ndiye ndi achimwene anga? Amayi, masabata atatu ndikumasulira mabodza kwa mlongo wanga?"

Ndinkayembekeza amuna anga. Ndinali nditamangiratu zovala zanga m'chitenje.

Anakhala nthawi yaitali akukanda utomoni m'zikhadabo. Atayankhula, mawu awo anali otsika.

"Ndiye kuti mwana wa pakhomo pano ndamubweza ndi mbale yake katatu konse?"

"Alamu, mwambo umafuna kuti..."

"Mwambo ndikuudziwa, alamu." Anatembenukira kwa ine. "Amake Rute, mukanandiuza Lolemba lija, ndikanakwiya mpaka Lachitatu. Lachinayi tikanadya naye mbale imodzi."

Tinapita ku Lilongwe, ine ndi Rute, osadziwa poyambira. Tinafunsa m'malo ogona alendo, tinafunsa m'mizikiti. Pa mzikiti wina anatipatsa tiyi, anatumiza mauthenga kwa anzawo, koma palibe anamuona. Tinakanena kupolisi. Analemba zonse, ndipo patapita masiku anatiuza kuti zikuoneka kuti anatuluka m'dziko.

Patatha masabata asanu, tikudinda mabelo, foni ya Rute inalira. Nambala yachilendo. Chinafika chithunzi: iye, nsalu yakuda kumutu, mfuti pachifuwa, anyamata ena anayi atamukoleka mikono m'khosi. Pansi pake panali uthenga wa mawu.

Rute anamvetsera yekha kaye, misozi ikutsika.

"Masulira," ndinatero. "Usasiye kanthu."

"Akuti tisawafunefune. Akuti sakukwiyira munthu. Akuti anawoloka nyanja kudzafuna anthu awo, ndipo masabata atatu anawatsekera m'chipinda kuti adye okha, akumva anthu akuseka kuseri kwa khoma." Anapukuta misozi. "Akuti tsiku limene anafika uko, anthu khumi anapisa nawo m'mbale imodzi. Akuti muuze mayi Lefina kuti yankho lawo analimva."

6

Ndinalanda foniyo. Rute anandisonyeza pogwira. Ndinayankhula Chichewa, iye akubwereza m'Chingerezi pambuyo panga.

"Grey, ndine mayi ako. Ndinakubereka Lachinayi, mvula ikugwa, ndipo dzina limene ndinakupatsa mumtima ndi Sunganani. Chitseko chija sindinkakutsekera kunja, mwanawe, kwathu kuno ndiwo ulemu. Ndinalakwa. Taya chinthu chili m'manjacho, usaphe mwana wa munthu. Bwera. Bambo ako a Mphepo akuti ubwere."

Uthengawo unapita. Masiku anayi panalibe kanthu. Tsiku lachisanu Rute anandionetsa timizere tiwiri titasanduka tabuluu. Anati zikutanthauza kuti wina watsegula n'kumvetsera. Ndani, sitikudziwa. Mwina iye. Mwina amene amamusungira foni. Yankho silinabwere, ndipo kuyambira tsiku limenelo nambalayo sinalowenso.

Mayi Annette anatiimbira atamva kwa aboma la kwawo. Mawu awo anali a nkhalamba. Tinalira tonse awiri, Rute ali pakati osadziwa chomasulira. Anati m'chipinda cha Grey anapezamo zinthu zoonetsa kuti anthuwo anayamba kumukopa kalekale, ndiye ndisadziimbe mlandu. Che Jafali nawonso amatero. Amati mwina ndikanamuuza akanapitabe, chifukwa anthu amenewo akagwira mwana sataya msanga. Mwina. Koma ine ndikudziwa kuti anaima pamaso panga ndi funso, manja ali opanda mfuti, ndipo ndinamugwadira.

Papita zaka ziwiri tsopano. Wailesi ikanena za midzi yotenthedwa uko, ndimasiya chimene ndikuchita. Sindidziwa chopempha. Ndikapempha kuti akhale moyo, ndimaganiza za mayi wina wa kumeneko amene mwina mwana wanga wamulanda wake. Ndikapempha kuti nkhondoyo ithe, ndimadziwa mmene nkhondo zimathera kwa anyamata ogwira mfuti. Ndimangotchula dzina lake n'kusiyira Mulungu.

Mwezi watha a Kalekeni anabweranso. Akalamba, nkhaniyi yawadya nawonso.

"Mlongo," anatero, "munthu akasowa chotere, makolo ankaika thunthu la nthochi m'manda kuti mitima ikhale pansi. Tichite mwambo, ulire, upume."

"Ayi, achimwene."

"Lefina, zaka ziwiri..."

"Munalengeza kale maliro ake kamodzi, ali pabere panga. Kachiwiri ayi. Mpaka wina adzandiuze kuti waona mtembo ndi maso ake."

Amuna anga anali pambali akunola khasu. "Mwamva, alamu," anatero osadzutsa mutu. "Nthochi zathu n'zodya."

Inu amene mukuwerenga, sindikunyoza mwambo. Unandilera, ndipo mpaka lero mlendo akafika ndimagwada. Koma ana athu ambiri akukulira kutali tsopano, ku Joni, ku Mangalande, m'matauni, ndipo ulemu wathu wa chete sadziwa kuuwerenga. Ife tikamadikira mwini mbumba, tikamadikira kuti fodya atuluke m'munda, alipo ena amene sadikira. Amayankha nthawi yomweyo, usana ndi usiku, ndipo amamutchula mwana wanu m'bale asanamuone n'komwe. Ngati pali mwana amene akukufunsani funso limene yankho lake muli nalo, muyankheni lero, ndi pakamwa panu, ngakhale mnansi akudutsa. Akulu adzakonza zotsalazo pambuyo.

Ndipo ngati magazini ino ingayende kufika kumene ine sindingafike, wina n'kukumana ndi mnyamata wamtali woyera amene amadzitchula Yunusu, musamuuze zambiri, Chichewa sachimva. Mungomuuza kuti kwa Kaomba anati inde.